Zaka 38 m'Nyumba ya Malamulo popanda unduna

Lachisanu pa 15 Okutobala 2021, cha kumasana, phungu wa dera la Southend West ku England, Sir David Amess, anali m'tchalitchi cha Belfairs Methodist ku Leigh-on-Sea kulandira anthu a m'dera lawo mmodzimmodzi. Ku Britain phungu amakhala ndi tsiku lotere, nthawi zambiri Lachisanu, ndipo amalitcha surgery, dzina la chipinda chimene dokotala amaonera odwala. Amene ali ndi dandaulo amalembetsa dzina, nthawi yake ikakwana n'kulowa kukakhala moyang'anizana ndi phungu wake. Tsikulo mnyamata wazaka 25, Ali Harbi Ali, anali atalembetsa kale ponama kuti akusamukira m'deralo. Atalowa anasolola mpeni n'kuwabaya kopitirira ka 20. A Amess anamwalirira pomwepo ali ndi zaka 69.

Za imfayo zinalembedwa zambiri. Ife tikufuna tikambe za ntchito imene munthuyu ankagwira pa tebulo lija, chifukwa tikuona kuti ndiyo ntchito yeniyeni ya phungu, ndipo ndiyo imene andale ambiri amaiyesa yaing'ono.

A Amess anabadwa mu 1952 ku Plaistow, kum'mawa kwa London, m'banja la anthu wamba a mpingo wa Katolika. Anayambira uphunzitsi wa kupulayimale, kenako ntchito za m'makampani, n'kudzakhala khansala ku Redbridge. Mu 1983, nthawi ya Margaret Thatcher, anapambana mpando wa Basildon pa tikiti ya chipani cha Conservative. Dzina lawo linamveka dziko lonse usiku wa chisankho cha 1992. Ambiri ankayembekezera kuti chipani cha Labour chitenga boma, koma zotsatira za Basildon zitatuluka, zili m'gulu la zoyambirira, n'kumveka kuti a Amess ateteza mpando wawo, anthu anadziwiratu kuti John Major akhalabe nduna yaikulu. Munthu wotchuka chonchi akanatha kulota unduna. Sunabwere. Pamwamba pamene anafika ndi kukhala wothandizira nduna Michael Portillo kwa zaka zingapo, udindo wopanda malipiro apadera. Zaka zina zonse anali pa mipando yakumbuyo.

Pa mipando yakumbuyopo ndi pamene panachokera malamulo awiri amene anthu amawakumbukira nawo. Loyamba, la 1988, linaletsa kumangirira hatchi, bulu kapena nyulu mwa njira yozunza. Lachiwiri ndilo lalikulu, ndipo tiimepo pang'ono.

Kuzizira kwa ku Britain kumapha. M'miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale, nyumba yopanda chotenthetsera imasanduka manda a nkhalamba ndi odwala chifuwa ndi mtima. Vuto silikhala kusowa kwa gasi kapena magetsi m'dzikomo. Vuto ndi nyumba zakale zimene zimataya kutentha m'makoma, m'denga ndi m'mawindo, ndipo mwini wake ndi munthu wa penshoni amene ayenera kusankha pakati pa chakudya ndi bilu ya gasi. Nthawi imeneyo boma linkati banja lili pa umphawi wotere ngati likufunika kuwononga ndalama zopitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a zimene limapeza kuti litenthetse nyumba mokwanira. A Amess anauza Nyumba ya Malamulo za munthu wa m'dera lawo amene anafera m'nyumba yozizira. Mwayi utawagwera wobweretsa bilu yawoyawo, anagwirizana ndi bungwe la Friends of the Earth, lomwe anthu ambiri a chipani chawo sankalikonda, n'kulemba bilu yomwe inakhala lamulo la Warm Homes and Energy Conservation Act mu 2000.

Amene sadziwa mmene Nyumba ya ku Westminster imayendera sangaone kulemera kwa zimenezi. Phungu wamba kuti apeze nthawi yokambitsa bilu yake, dzina lake liyenera kutuluka pa maere, ndipo amatuluka mayina 20 okha pa chaka. Mabilu oterewa amakambidwa Lachisanu, tsiku limene aphungu ambiri amakhala atapita kumadera awo, ndipo mdani mmodzi wolankhula mosalekeza atha kudya nthawi yonse bilu n'kufera pomwepo. Onjezaninso kuti mu 2000 a Amess anali kumbali yotsutsa, boma lili la Tony Blair. Kuti bilu idutse panafunika kunyengerera nduna za chipani china, kugonja pa mfundo zina, ndiponso kuletsa anzawo a m'chipani chawo kuti asaiphe. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo iwo anadziwa kupempha zala za anthu amene ankatsutsana nawo pa nkhani zina zonse.

Lamulolo linakakamiza boma kulemba ndondomeko yothetsera umphawi wa mtunduwu ndi kuika chaka chomalizira. Ku England chakacho chinali 2016. Tinene zoona: sichinakwaniritsidwe. Chiwerengero cha mabanja ovutika chinatsika m'zaka zoyambirira, pamene nyumba zambiri zinkakonzedwa ndi thandizo la boma, koma mitengo ya gasi itakwera chinakweranso, ndipo boma lina linadzasintha kawerengedwe n'kukankhira cholinga ku 2030. Komabe chiyambire 2000 palibe boma la Britain limene linganene kuti imfa ya nkhalamba m'nyumba yozizira ndi nkhani ya banja lokha. Inalowa m'buku la malamulo, ndipo nduna iyenera kuyankhapo.

Nkhani ina inayambira pa tebulo lomwe lija. Mayi wachitsikana wa m'dera lawo anabwera kudzawafotokozera za endometriosis, matenda amene minofu yofanana ndi ya mkati mwa chiberekero imamera kunja kwake. Amapweteka koopsa, makamaka mayi akakhala kumwezi, ndipo ena amawalepheretsa kubereka. Amagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 alionse a msinkhu wobereka. A Amess, bambo wazaka zopitirira 60, anali asanawamvepo. Bambo wina akanachita manyazi, n'kumuuza kuti zimenezo akazinene kuchipatala. Iwo anamvetsera mpaka pamapeto, ndipo mu 2018 anayambitsa gulu la aphungu a zipani zonse loona za matendawa. Lipoti la gululo, lomwe linatuluka mu Okutobala 2020 atamva kwa anthu oposa 10,000, linapeza kuti mayi ku Britain amatha zaka pafupifupi 8 akuyendera madokotala asanauzidwe chimene chikumupweteka. Zaka 8 akuuzidwa kuti ndi mmene ukazi ulili, apirire! Ife tikuganiza kuti pa ntchito zonse za a Amess, iyi ndiyo imaonetsa bwino munthuyo, chifukwa panalibe voti yoti n'kukolola pamenepo, ndipo si nkhani imene amuna a msinkhu wawo amaitchula pagulu.

Sitikulemba mbiri ya woyera mtima. Mu 1997, ataona kuti malire a dera asintha ndipo Basildon ikupita kwa Labour, a Amess anasamukira ku Southend West, dera limene chipani chawo sichinkaluza. Amene ankawanena kuti athawa anthu omwe anawakweza sanalakwitse kwenikweni. Ankafuna kuti chilango chonyonga chibwerere, pamene ife sitikugwirizana nawo. Mu 2003 anavotera nkhondo ya ku Iraq, ngakhale pambuyo pake anazindikira kulakwa kwake, analowa m'gulu lofuna kuti Blair aimbidwe mlandu m'Nyumba, ndipo mu 2013 anakana kuvotera chipani chawo chomwe pa nkhani yomenya nkhondo ku Syria. Ankadana ndi kuchotsa mimba, anakana ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha, anachirikiza kuti Britain ituluke mu European Union. Pa zimenezi owerenga athu ali ndi maganizo awoawo. Panalinso tsiku lamanyazi, pamene pulogalamu yanthabwala ya pa TV yotchedwa Brass Eye, yomwe inaulutsidwa mu 1997, inawapusitsa za mankhwala ozunguza bongo ongopeka, iwo mpaka kukafunsa funso m'Nyumba. Khutu lotsegukira aliyense limalowanso bodza. Koma tikaika pa sikelo phungu amene anapusitsidwa kamodzi chifukwa chomvetsera kwambiri ndi phungu amene sanapusitsidwepo chifukwa samvetsera munthu, ife tikudziwa amene tingamusankhe.

Ndiye panali nkhani ya mzinda. Ku Britain tauni imakhala mzinda pokhapokha mfumu kapena mfumukazi ikavomereza, ndipo ulemuwo subwera ndi ndalama. Southend, tauni ya m'mphepete mwa nyanja pamene mtsinje wa Thames umathirira, inapemphapo n'kukanidwa. Mu 2012 ulemuwo unapita kwa oyandikana nawo a ku Chelmsford. A Amess sanatope. Nkhani ikhale ya njanji, ya zipatala kapena ya maiko akunja, ankapeza potulukira kuti akumbutse Nyumba zoti Southend ikhale mzinda, aphungu anzawo n'kumaseka asanamalize. Pa mkangano wotsekera Nyumba isanapite kutchuthi ankabwera ndi mndandanda wautali wa madandaulo a anthu awo, n'kuwawerenga mothamanga kuti onse alowe m'kaundula. Patangopita masiku atatu ataphedwa, Boris Johnson, yemwe anali nduna yaikulu, analengeza kuti Mfumukazi yavomera, ndipo pa 1 Malichi 2022 Prince Charles anakapereka kalata yake ku Southend. N'zowawa kuti chimene anachipempha kwa zaka zoposa 20 ali moyo chinatheka m'masiku atatu atafa.

Nyumba yathu ya Malamulo inatengera zambiri ku Westminster: Sipikala, ndodo yaulemu, mipando yoyang'anizana, ngakhale tsiku la aphungu wamba lobweretsa mabilu awo. Chimene sitinatengere kwenikweni ndi tsiku lokhazikika limene phungu amakhala pamalo odziwika kudikira aliyense, wa chipani chake kapena ayi. Kwathu kuno dandaulo limadutsa kwa wapampando wa dera, kwa anyamata a phungu, kwa mkulu wa kampeni, ndipo likamafika kwa mwini wake limakhala litasanduka pempho la bokosi la maliro kapena galimoto. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndime 64 ya Malamulo Oyendetsera Dziko, imene inkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo, aphungu omwewo anaichotsa mu 1995, choncho munthu wa kumudzi chimene watsala nacho ndi kudikira zaka zisanu. Tsiku limodzi pa mwezi, m'kalasi ya sukulu kapena m'holo ya tchalitchi, phungu ali ndi kope ndi cholembera, silifuna lamulo latsopano kapena ndalama za boma. Gulu la aphungu loona za endometriosis lija linayambira pamalo otero.

Tikudziwa kuti khomo lotseguka lili ndi mtengo wake. Mu 2010 phungu Stephen Timms anabayidwa pa tsiku lokumana ndi anthu, mwamwayi anachira. Mu Juni 2016 phungu wa Labour, Jo Cox, anaphedwa ku Birstall akupita kukakumana ndi anthu ake. A Amess omwewo, m'buku lawo la 2020, anadandaula kuti ziwembu zotere zikuwononga mwambo woti munthu wamba azionana ndi phungu wake maso ndi maso. Anadziwa choopsacho, koma anapitirizabe kulengeza malo ndi nthawi, ndipo ankasankha matchalitchi ndi maholo a m'madera kuti okalamba asayende mtunda wautali. Chiyambire imfa yawo aphungu ambiri ku Britain amakumana ndi anthu pali alonda, ena amangolankhula nawo pa foni kapena pa intaneti. Sitingawadzudzule. Koma yankho loyenera ndi lakuti boma liteteze tebulolo, osati kulichotsa.

Apa ndi pamene boma la Britain lili ndi ngongole. Ali Harbi Ali, amene anagamulidwa mu Epulo 2022 kukhala m'ndende moyo wake wonse, sanali mlendo kwa akuluakulu a chitetezo. Mu 2014, ali mwana wasukulu, anatumizidwa ku Prevent, pulogalamu ya boma yobweza achinyamata amene akukopeka ndi magulu a zigawenga. Kafukufuku amene boma linatulutsa mu Febuluwale 2025 anavomereza kuti nkhani yake inatsekedwa mofulumira kwambiri. Akubanja, motsogozedwa ndi mwana wawo wamkazi, anapempha kafukufuku wa poyera, woti mboni ziitanidwe n'kufunsidwa anthu akumva. Mu Malichi 2025 boma linakana. Ife tikuti kukanako n'kulakwa. Mayi Amess ndi ana awo asanu ayenera kuuzidwa amene anatseka fayilo ija, chifukwa chake, ndiponso amene ankayenera kuyang'anira chitetezo pa khomo la tchalitchi cha Belfairs tsiku lija.