Gulani sikelo musanagule anapiye

Achimwene anga atamaliza digiri yawo n'kukhala chaka chathunthu akuponya makalata ofunsira ntchito osayankhidwa, anachita zomwe achinyamata ambiri akuchita masiku ano. Anabwereka ndalama ku banki m'khonde n'kugula anapiye 100 a nkhuku zoyera. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo la khola n'kunena kuti, "Zikukula bwino izi." Patatha masabata 6, mayi wina wa lesitilanti anabwera, n'kunyamula nkhuku ziwiri, kenako n'kuzibweza pansi. Zinali zopepuka. Achimwene anazidyetsanso masabata awiri ndi ngongole ina, ndipo phindu lonse linathera m'matumba a chakudya.

Ine sindiphunzira zaulimi, koma zomwe ndinaona kwathu zinanditsimikizira chinthu chimodzi: woweta nkhuku zoyera popanda sikelo ndi kope akuchita juga, osati bizinesi.

Nkhuku zimenezi, monga za mtundu wa Cobb 500 ndi Ross 308, sizili ngati zachikuda zomwe zimadzitolera zakudya pabwalo kwa miyezi. Zimafunika kufika pogulitsidwa m'masabata 5 kapena 6 okha. Mwanapiye wa tsiku limodzi amalemera magalamu pafupifupi 40, ndipo akakwanitsa masiku 7 amayenera kulemera kanayi kapena kuposerapo, kutanthauza magalamu 160 kupita m'tsogolo. Akatsalira m'sabata yoyambayi, kawirikawiri sapezanso anzake. Tsono ndani angasiyanitse ndi maso magalamu 120 ndi 170 pa kanapiye kodzaza nthenga?

Kuyezako si kovuta. Yezani tsiku lomwe anapiye afika, kenako masiku 7 aliwonse, nthawi yofanana. Pa anapiye 100, tengani osachepera 10 kuchokera m'ngodya zosiyanasiyana za khola, osati okhawo onenepa amene akukusangalatsani. Aikeni m'ndowa, chotserani kulemera kwa ndowayo, gawani ndi chiwerengero chawo, n'kulemba m'kope. Sikelo yaing'ono ya kukhitchini imakwanira masabata oyamba. Akakula, yopachika ija imagwira ntchito.

Nambala ikatsika, imakutumani kukafufuza. Kodi mbaula ikuzima usiku, anapiye n'kumaunjikana chifukwa cha kuzizira m'malo modya? Kodi zodyera ndi zomwera n'zokwanira, kapena amphamvu okha ndi amene akudya? Kodi utuchi wanyowa? Kodi katemera wa chitopa ndi gumboro analandira pa nthawi yake? Kwa achimwene, vuto linali loti ankasakaniza madeya ambiri m'chakudya pofuna kuti thumba lichedwe kutha. Akanayeza, akanadziwa pa tsiku la 14, osati pa tsiku la 42.

Mnzanga wina kuhositelo ananditsutsa. Akuti pamsika anthu sagula nkhuku yamoyo pa kilo. Amaiyang'ana, n'kuinyamula, n'kunenerera mtengo. Ndiye sikelo ndi yachiyani? Zoonadi, ogula ambiri sayeza. Koma sikelo si ya wogula, ndi ya mwini khola. Chakudya ndicho chimadya gawo lalikulu la ndalama pa ulimi umenewu. M'masabata omaliza nkhuku imodzi imadya magalamu opitirira 150 pa tsiku, choncho nkhuku 100 zimamaliza thumba la makilogalamu 50 m'masiku atatu okha. Tsiku lililonse lomwe nkhuku yachedwa kufika pogulitsidwa ndi ndalama yotuluka m'thumba mwanu. Komanso dzanja la mayi wa lesitilanti uja linayeza ndithu, kungoti linayeza mochedwa.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ife ophunzira timakhala zaka zinayi tikuuzidwa kuti mfundo yopanda umboni siilandira malikisi. Tikangotuluka pa geti la koleji, timayamba kuyendetsa ndalama za ngongole mongoganizira. Mwina timaopa nambala chifukwa ikhoza kutiuza kuti talakwitsa. Komatu kuli bwino kumva zimenezo nthawi yokonza ikadalipo.

Ulendo wachiwiri achimwene anatenga anapiye 50 okha, ndipo ndalama ina anagulira sikelo. Loweruka lililonse ndikapita kunyumba, iwo amagwira ndowa, ine ndimalemba m'kope. Pa tsiku la 7 tinapeza magalamu 150. Usiku womwewo anawonjezera chodyera china n'kudzuka kawiri kukasonkhezera makala.