Getsi Liunike Pansi, Thambo Tisiyireni

Pali uchitsiru wina umene ukufalikira m'matauni athu ang'onoang'ono, ndipo ukulandiridwa ndi nthungululu chifukwa chakuti wavala malaya a chitukuko. Magetsi akangofika pamsika, aliyense amathamangira kukagula babu loyera mbee, lamphamvu kuposa la mnzake, n'kulipachika pamlongoti lili lamaliseche, lopanda chovindikira. Limayaka kuyambira dzuwa likamalowa mpaka atambala atalira, likuwalira m'maso mwa odutsa, m'zipinda za anansi, ndiponso kumwamba kumene kulibe sitolo, kulibe khola, kulibe njira. Kodi mbava inayamba yatsikapo kuchokera kumitambo? Nanga mayunitsi amene mukulira nawo mwezi ndi mwezi mukuwawotcheranji pounikira mileme?

Ndinene msanga, anthu asanandiveke mlandu umene sindinapalamule: magetsi ndikuwafuna, ndipo ndikuwafuna m'mudzi uliwonse. Mayi wobereka asachire pa kuwala kwa tochi ya foni. Mwana wa Sitandade 8 asawerengere pa koloboyi. Anthu ambiri akumudzi m'dziko muno alibe magetsi mpaka lero, ndipo zimenezo n'zamanyazi, sizokomera munthu. Koma kuunikira anthu ndi kwina, kumwaza kuwala mlengalenga ndi kwinanso. Choyambacho ndi chitukuko. Chachiwiricho ndi kusakaza, ndipo chikutilanda chuma chimene mayiko olemera akuchisaka ndi ndalama zambiri atachitaya kale kwawo.

Mu 2016 akatswiri a sayansi anatulutsa mapu a dziko lonse osonyeza mmene magetsi awonongera thambo la usiku. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi sangathenso kuona Mlalang'amba ali pakhomo pake. Ku Europe ndi anthu 60 mwa 100 alionse, ndipo ku North America ndi pafupifupi 80 mwa 100. Mu 2023 kafukufuku wina, wochokera pa zimene anthu wamba masauzande ambiri anaona ndi maso awo pakati pa 2011 ndi 2022, anasonyeza kuti thambo la usiku likuwalirawalira ndi pafupifupi magawo 10 pa 100 chaka chilichonse. Pa liwiro limeneli, mwana wobadwira pamalo pamene pakuoneka nyenyezi 250 adzangoona 100 akamadzakwanitsa zaka 18. Abale athu okhala ku London kapena ku Johannesburg akudziwa zimenezi popanda kafukufuku. Afunseni kuti Mlalang'amba anauona liti komaliza, ambiri adzakuuzani kuti ndi pamene anabwera kumudzi kudzaika maliro.

Tsono tiyeni ku Dedza. Boma limeneli lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula kulibe. Malo amene dziko lathu lili, kummwera pang'ono kwa mzere wodula dziko pakati, amachititsa kuti m'miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti chigawo chowala kwambiri cha Mlalang'amba chizidutsa pafupifupi paliwombo penipeni. Gulu la nyenyezi lotchedwa Mtanda wa Kummwera limaoneka bwino madzulo m'miyezi yozizira. Kumapeto kwa chaka kumaoneka timitambo tiwiri tosasuntha ndi mphepo, timene azungu amatitchula ndi dzina la Magellan, ndipo si mitambo ayi koma milalang'amba ina. Kakakuluko kali patali moti kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 160,000 kuti kutipeze. Munthu wa ku Britain ngakhale atazimitsa magetsi onse a m'dziko lake sangatione timitamboti, ndipo Mtanda wa Kummwera sangauonenso. Ife zonsezi tili nazo kuseri kwa nkhokwe, osalipira tambala.

Koma munthu woima pa depoti kapena m'mbali mwa msewu wa M1 sangazione bwino, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa mphwayi n'kumati nyenyezi zake ndi zomwezi. Ayi, si zomwezi. Kupeza mdima weniweni pafupi ndi tauni yaing'ono sikufuna galimoto yamphamvu, kumafuna nzeru pang'ono. Choka pamsewu waukulu, chifukwa nyali za lole imodzi zimafafaniza zonse zimene maso ako anazolowera. Pita kumene phiri kapena chitunda chidzaima pakati pa iwe ndi boma, ndipo Dedza ndi dziko la mapiri, kuyambira ku Chongoni mpaka ku Mphunzi ndi kutsikira ku Golomoti. Fulatira kumene kuli Lilongwe. Sankha masiku amene mwezi uli mumdima, ndipo chita zimenezi mu Juni kapena Julaye, lupsa lisanadzaze utsi mlengalenga. Bwalo la mpira la sukulu ya pulayimale, dambo louma kapena thanthwe lathyathyathya ndi malo okwanira. Tenga mkeka ndi bulangete lokhuthala, pakuti chisanu cha ku Dedza sichisekerera mlendo.

Ukafika, foni m'thumba. Diso la munthu limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kungoyang'ana uthenga umodzi wa pa WhatsApp kumakubweza poyambira. Ngati ukufuna tochi, ikulunge ndi pepala lofiira la pulasitiki, chifukwa kuwala kofiira sikusokoneza maso kwambiri. Mphindi zoyambirira umangoona nyenyezi zikuluzikulu n'kumadzifunsa kuti unavutikiranji. Kenaka timipata timene timaoneka takuda timayamba kudzaza. Mkanda woyera uja wa Mlalang'amba umayamba kuonetsa mizere yakuda pakati pake, imene ndi fumbi lotchinga nyenyezi za kuseri. Pamalo amdima wa ndiweyani, diso lopanda makina limatha kuona nyenyezi zoposa 2,000 nthawi imodzi. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinthu china chimene mabuku a azungu onena za nyenyezi sangakuuze. Kuno munthu sangofika m'dera la eni usiku n'kugona chagada pathanthwe. Pita masana, ukaonekere kwa amfumu, ufotokoze chimene wabwerera, ndipo upemphe mnyamata wa m'mudzimo akuperekeze. Iye ndiye akudziwa kuti msitu uwo ndi manda, uko ndi kudambwe, njira iyo amadutsa afisi. Tisaiwale kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, ena mwa iwo chifukwa chongokhala achilendo. Munthu woyenda usiku ndi tochi yofiira ndi chitsulo chamiyendo itatu ayenera kudziwika asanafike. Ndipo mnyamata wokuperekezayo umulipire, chifukwa ntchito ya alendo oona nyenyezi imayambira pomwepo.

Mukaseka kuti mdima sungadyetse munthu, pitani ku Sutherland m'dziko la South Africa. Ndi katauni ka alimi a nkhosa m'chipululu cha Karoo, kozizira koopsa, ka anthu masauzande ochepa chabe. Magetsi a ku Cape Town ndi Johannesburg atayamba kusokoneza ntchito yofufuza zakuthambo, akatswiri anasamutsira makina awo kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mu 2005 anatsegulako makina otchedwa SALT, amene galasi lake ndi lophatikiza magalasi 91, ndipo ndi amodzi mwa aakulu kwambiri kummwera kwa dziko lapansi. Mu 2007 nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo loteteza madera otere kuti asawonongedwe ndi kuwala ndi zina zosokoneza. Lero nyumba zogona alendo m'katauniko zimadalira anthu obwera kudzayang'ana kumwamba. Ku Namibia, malo a NamibRand anazindikiridwa mu 2012 kukhala oyamba mu Africa pa mndandanda wa madera otetezedwa chifukwa cha mdima wake. Ku America, mzinda wa Flagstaff unakhazikitsa lamulo loyamba loletsa magetsi owalira kumwamba mu 1958, ndipo anthu ake sanabwerere ku nyali za mafuta. Ali ndi magetsi m'misewu, ndipo ali ndi Mlalang'amba.

Sindikulota kuti mawa kutuluke makina aakulu pa phiri la Dedza. Ndikunena za chinthu chaching'ono chimene tingathe. Zithunzi za pamiyala za ku Chongoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo zili pamalo 127. Mlendo amene amabwera kudzaziona amafika m'mawa, n'kubwerera ku Lilongwe dzuwa lisanalowe, ndalama ya chakudya chamadzulo ndi malo ogona n'kukaisiya mumzinda. Mupatseni chifukwa chogonera. Usiku ndi theka la tsiku, ndipo ife amene timafuula kuti zokopa alendo ndi tsogolo la dziko tautaya wonse.

Wina adzati: nanga akuba? Funso limeneli ndi loona, ndipo mwini golosale amene anathyoleredwapo sitolo sindingamuseke. Koma yesani izi usiku uno. Imani pakhonde pansi pa babu loyera lopanda chovindikira, muyang'ane kumpanda. Simuona kanthu. Kuwala kwakuthobwani m'maso, ndipo kuseri kwa mtengo ndi kumbali kwa nyumba kwada bii kuposa kale. Mlonda wakhala poyera, aliyense akumuona, pamene iye sakuona munthu. Wobisala mumthunzi ndiye wapindula. Tsono vindikirani babu lomwelo ndi chibekete cha malata kuti kuwala kugwere pansi: khomo likuoneka, loko akuoneka, njira ikuoneka, ndipo maso anu akutha kuona patali. Okhoma ndowa ndi mbaula ali pamsika uliwonse, chovindikira chotere angachipange tiyi asanazizire. Babu likhale lofiirira m'malo mwa loyera mbee, laling'ono m'malo mwa lalikulu, ndipo pamene palibe munthu lizizima, kapena likhale la mtundu uja loyaka lokha munthu akayandikira. Chitetezo chikhala chokwanira, mayunitsi akhalitsa.

Ndipo si nyenyezi zokha zimene zikuvutika. Aliyense anaonapo mulu wa agulugufe ausiku ndi tizilombo tina takufa pansi pa getsi m'mawa. Tina mwa tizilomboti ndi timene timanyamula mungu m'minda usiku. Ziphaniphani zimaitanana ndi kuwala kwawo, ndipo pamalo powala sizipezana. Mbalame zoyenda usiku zimasokera. Thupi la munthu nalonso limafuna mdima kuti tulo tibwere bwino, koma mwana wa mnansi wanu akugona m'chipinda chowala ngati masana chifukwa cha babu lanu.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti tikutaya ndi nzeru zomwe. Agogo athu ankadziwa nyenyezi monga Nthanda, Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, ndipo Nsangwe zikayamba kutuluka kum'mawa madzulo, mvula imakhala ili pafupi. Ana athu akuloweza mayina a mapulaneti kuti akhoze mayeso, koma sangaloze ngakhale imodzi kumwamba. Aphunzitsi amadandaula kuti sukulu zakumudzi zilibe zipangizo za sayansi, ndipo akunena zoona. Koma chipangizo chachikulu kuposa zonse chili pamwamba pa denga la sukuluyo usiku uliwonse, ndipo sukulu ya mumzinda ilibe.

Mwayi wathu ndi wakuti tachedwa. Mizinda ya kunja ikuwononga ndalama kuzula magetsi oipa amene inadzala kale, pamene ife ambiri mwa magetsi athu sitinawaike n'komwe. Choncho makhansala ndi akuluakulu a makhonsolo, pamene mukuvomereza mapulani a sitolo, malo omwetsera mafuta ndi nyumba zogona alendo, lembanimo mzere umodzi: getsi lililonse lapanja likhale lovindikira, loyang'ana pansi. Pamene mukugula magetsi a sola a m'misewu ndi m'misika, kanani amene amawalira m'mbali ndi kumwamba, ngakhale akhale a mphatso. Mafumu, sankhani bwalo limodzi m'dera lanu limene lidzakhale lopanda getsi, ndipo achinyamata aphunzire kulondolera alendo kumeneko. Zonsezi sizifuna ngongole ya kunja kapena msonkhano wa ku hotela ya kunyanja. Zikufuna chibekete, msomali, ndi khonsolo imodzi yolimba mtima yoti iyambe. Dedza, yambani ndinu.