Wokonda ndewu nayenso akusewera: siyani kumunyoza pa tebulo la D&D

Loweruka lapitali mpando umodzi unali wopanda munthu pa tebulo lathu. Mwini wake anangolemba pa gulu la WhatsApp kuti, "Pitirizani aise, ine ndatanganidwa." Munthu ameneyu ndikumudziwa kuyambira ku koleji, ndipo Loweruka masana satanganidwa. Tinamuthamangitsa ndife, ndipo amene ndinatsogolera ndine.

Kwa amene simunasewerepo, Dungeons & Dragons, kapena kuti D&D, ndi masewera okhala mozungulira tebulo n'kumaluka nkhani limodzi. Aliyense amakhala ndi mtengambali wake wolembedwa pa pepala: wina msilikali, wina wamatsenga, wina mbala. Mmodzi amakhala Dungeon Master, mwachidule DM, amene amafotokoza dzikolo ndi kuyankhulira anthu ena onse a m'nkhanimo. Ukafuna kuchita chinthu chomwe chingathe kukanika, umaponya dayisi ya mbali 20, nambala n'kugamula. Pa tebulo lathu DM ndine.

Sabata ziwiri zapitazo tinatha maola atatu athunthu tili m'bwalo la mfumu ya m'nkhani yathu, kukambirana za malire a dziko. Anzanga awiri amene anachitako zisudzo ku sekondale anali m'madzi awo, kusintha mawu, kugwada, kulira kumene. Mnzathu uja, yemwe mtengambali wake ndi chimphona chonyamula nkhwangwa, anangokhala duu. Itakwana 5 koloko anafunsa kuti, "Kodi lero timenyako?" Wina anamuyankha kuti, "Man, iyi ndi roleplay. Ngati ukufuna kumenya, kasewere Mortal Kombat." Tonse tinaseka. Inenso ndinaseka.

Ndakhala ndikuganizira kuseka kumeneko, ndipo ndafika ponena izi mosabisa: maganizo akuti kuchita zisudzo ndiye kusewera kwenikweni, ndewu n'zachibwana, ndi kudzikweza chabe. Komanso ndi bodza.

Tiyambe ndi kumene masewerawa anachokera. D&D inatuluka mu 1974, yolembedwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America. Inaphuka kuchokera ku Chainmail, masewera a nkhondo a tizidole ta asilikali omwe Gygax analemba ndi Jeff Perren mu 1971. Chomwe Arneson anachita m'masewera ake a Blackmoor chinali kupatsa wosewera aliyense munthu mmodzi m'malo mwa gulu lonse la asilikali. Mtengambali wanu amene mumamulembera mbiri ya masamba anayi uja, agogo ake anali kachidole ka pa bwalo la nkhondo. Mako ndi mako angachepe mwendo. Tsegulani Player's Handbook ya 2014 muone nokha: ndewu ili ndi mutu wakewake, matsenga ambiri ndi ovulaza kapena oteteza, ndipo luso lochuluka lomwe mtengambali amapeza akamakwera ndi lothandiza pomenyana. Munthu amene wawerenga buku limenelo, n'kubwera akuyembekezera kugwiritsa ntchito zomwe wawerengazo, walakwa chiyani?

Nanga kudzikwezaku tinakutenga kuti? Ambirife D&D tinaidziwira pa YouTube, makamaka kudzera mu Critical Role, yomwe inayamba kuonetsedwa pa intaneti mu 2015. Matthew Mercer ndi anzake aja ndi akatswiri oyankhulira makatuni ndi magemu a pa kompyuta. Kusintha mawu ndi ntchito imene imawadyetsa. Ife tinaonera, tinagoma, kenako tinaika zimenezo ngati muyezo wa aliyense. Zili ngati kuonera Premier League n'kuyamba kuthamangitsa anzako pa bwalo la fumbi chifukwa sakupatsira mpira ngati a pa TV. Choseketsa n'chakuti ngakhale pa Critical Role pomwepo amamenya ndewu zotenga ola ndi kupitirira. Ife timangodumpha zigawo zimenezo posunga bandulo, kenako n'kumati kulibe.

Koma mfundo yanga yaikulu si ya mbiri. Funso ndi lakuti, kodi kukhala mtengambali n'kutani? Ife tasokoneza zinthu ziwiri: kuyankhula ngati mtengambali, ndi kusankha ngati mtengambali. Choyambacho ndi luso la pakamwa. Ena ali nalo, ena alibe, ndipo pa tebulo ngati lathu, pomwe timasakaniza Chingerezi ndi Chichewa, amene Chingerezi chimamuyenda bwino amaoneka ngati katswiri pomwe wangokhala ndi lilime lopepuka. Chachiwiricho ndiye mtima wa masewerawa, ndipo palibe malo amene chimaonekera bwino kuposa pa ndewu.

Ndikupatseni chitsanzo cha mnzathu yemweyo. Mwezi wa Juni, pa mlatho wina wa m'nkhani yathu, wamatsenga wa gulu anagwa, ma hit point ake atafika pa 0. Mkulu wa achifwamba anali akuthawa ndi chuma chomwe tinachisaka kwa masabata atatu. Mnzathuyo anali ndi mpata umodzi wokha. Akanathamangira chumacho, akanachipeza. Iye anatembenuza chimphona chake, n'kukaima pamwamba pa mnzake wakugwayo, adani atatu akumutema. Sanasinthe mawu. Anangoti, "Ndiima apa." Mawu awiri basi. Ndiuzeni, ndi zokamba ziti za m'bwalo la mfumu zija zomwe zinatiuza zambiri za mtengambali kuposa pamenepo? Pokambirana, aliyense atha kunena kuti ndi wokhulupirika, sizimulipiritsa kanthu. Pa ndewu kukhulupirika kuli ndi mtengo wake, ndipo umalipira ndi magazi a mtengambali wako.

Ngakhale malamulo amapereka mpata wa zisankho zoterezi. M'malamulo a 2014, ukagwetsa mdani ndi chida cha m'manja, uli ndi ufulu wosankha kungomukomola m'malo momupha. Amene amakomola ndi amene amapha ndi anthu awiri osiyana, ndipo tebulo lonse limaona kusiyanako popanda wina kukamba ndakatulo.

Tsopano ndisaname, a zisudzo nawonso ali ndi dandaulo lomveka. Ndewu ya D&D imatha kutopetsa zedi. Raundi imodzi ndi masekondi 6 m'nkhanimo, koma pa tebulo la anthu asanu imatha kudya mphindi 15 kapena 20. Ndewu ya maraundi anayi, yomwe m'dzikolo sinafike n'komwe theka la mphindi, ife yatidyera ola. Umadikira, mpata wako n'kufika, dayisi n'kugwa pa 3, basi waphonya, dikiranso. Aliponso osewera amene amabaya wogulitsa m'sitolo nkhani ili pakati chifukwa choti atopa. Ameneyo sindikumuikira kumbuyo. Akuba nthawi ya anzake, chimodzimodzi ndi uja amayankhula yekha mphindi 40 ndi mlonda wa pa geti. Onse awiri aiwala kuti pa tebulo pali anthu ena.

Koma taonani bwino gwero la kutopako. Ndewu imatopetsa ikakhala yopanda chifukwa: mimbulu isanu yatulukira m'tchire, iphani, tipitirize. Kukambirana nakonso kumatopetsa kukakhala kopanda choopsa: mfumu imvetsera, ivomera, palibe chotayika. Matenda ndi amodzi, ndipo wodwala ndi DM. Ndine. M'bwalo la mfumu lija sindinaikemo chilichonse choti munthu wa nkhwangwa achite. Panalibe kazitape woti amugwire, panalibe msilikali wa mfumu womuputa, ndipo sindinamufunse n'kamodzi komwe kuti chimphona chake chikuyang'ana chiyani. Buku lomwelo la 2014 limati masewerawa aima pa mizati itatu: kufufuza malo, kucheza ndi anthu, ndi ndewu. Ine ndinazula iwiri, kenako n'kumadabwa kuti denga lagwera munthu.

Akale aja anali ochenjera kuposa mmene timawaganizira. M'malamulo oyambirira, ma XP ambiri ankachokera ku chuma chomwe wabweretsa, ndalama imodzi ya golide XP imodzi, kotero kunyengerera chilombo kapena kuchizemba kunkapindulitsa. DM ankaponya madayisi awiri kuti aone ngati zilombo zakumana nanu mwaukali kapena mwaubwenzi, ndipo m'buku la Basic la 1981 adani ankatha kuchita mantha n'kuthawa ndewu ili mkati. Kuyankhula ndi kumenya zinali mu mphika umodzi. Ndife a lero amene tazipatula ngati nsima ndi tiyi.

Ndiye nazi zomwe ndikusintha, ndipo ma DM anzanga mukhoza kutengapo. Ndewu iliyonse ikhale ndi funso loposa lakuti afe ndani: mwana apulumuka, mlatho ugwa, kalata ipsa? Adani aziyankhula ndewu ili mkati, azipempha chifundo, azipereka ziphuphu, kuti wa zisudzo apeze pogwira. Zokambirana zikhale ndi mpeni pansi pa tebulo, kuti wa nkhwangwa akhale tcheru. Wosewera wamanyazi aziloledwa kunena kuti "mtengambali wanga akumuopseza" n'kuponya Intimidation, osamukakamiza kuchita sewero. Pajatu sitimuuza wosewera kuti anyamule thumba la simenti tisanamulole kuponya Strength. Inspiration, mphoto ija imakulola kuponya madayisi awiri n'kutenga yaikulu, izipitanso kwa amene wasankha mwa mtengambali wake pa ndewu, osangoti kwa amene watiseketsa ndi mawu a nkhalamba.

Ndipo tisanayambe nkhani yatsopano, tizikhala pansi n'kufunsana chomwe aliyense akufuna. Amati session zero, ndipo buku la Tasha's Cauldron of Everything la 2020 linailembamo. Ife tinaidumpha poganiza kuti timadziwana kale. Zikapezeka kuti gulu lonse likufunadi zisudzo zokhazokha, palibe tchimo, koma mwina D&D si masewera anu. Vampire: The Masquerade ya 1991 inamangidwa pa ndale ndi chinyengo pakati pa atengambali. Sewerani imeneyo. Chomwe sichilungamo ndi kuitanira munthu ku masewera omwe theka la buku lake ndi ndewu, iye n'kulipira minibasi kudutsa tauni yonse, kenako n'kumuseka chifukwa wafunsa za ndewuyo.

Tili ochepa, anzanga. Kupeza anthu asanu omasuka Loweruka lomwelo, okonzeka kuwerenga malamulo pa foni ndi kusewera ndi tochi magetsi akazima, si zamasewera. Ku London kapena ku Johannesburg munthu akakhumudwa amakapeza tebulo lina. Kuno ukataya mmodzi, wataya gawo limodzi mwa magawo asanu a dziko lako lonse.

Dzulo ndinamuimbira foni mnzathu uja. Sindinalembe pa gulu, ndinaimba. Ndinapepesa chifukwa cha kuseka kuja, ndipo ndinamuuza kuti mkulu wa achifwamba amene anathawa pa mlatho uja wapezeka ali m'bwalo la mfumu, atavala mkanjo wa nduna. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati alonda a pa khomo amalanda zida. Ndinati amalanda. Anati chimphona chake chili ndi manja.

Akubwera Loweruka.