Tulutsani Chilatini mumpanda wa ku Mtunthama

Mwana akauza makolo kuti ku yunivesite akufuna kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki, pakhomo pamakhala ngati pagwa zovuta. Atsibweni amaitanidwa, azakhali amagwira pakamwa, ndipo funso limakhala limodzi: "Ndiye ukamaliza udzagwira ntchito yanji?" Funsoli ndi lanzeru, fizi satola pamsewu. Chondinyansa n'chakuti ofunsawo amakhala ataweruza kale. Kwa iwo izi ndi zilankhulo za akufa, matama a Kamuzu amene anayenera kukwiriridwa naye limodzi mu 1997.

Mkwiyo wawo uli ndi pochokera. Pamene Kamuzu Academy inkatsegulidwa ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, mu 1981, mwana aliyense ankayenera kuphunzira zilankhulo ziwirizi, afune asafune. Aphunzitsi anali azungu okhaokha, ndipo Chichewa, chomwe mwini sukuluyo anachikweza kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, sichinkalemekezedwa m'kalasi. Chuma chambiri chinkathera pa ana mazana ochepa pamene anzawo kumidzi ankaphunzirira pansi pa mitengo. Zimenezo sindikuziikira kumbuyo. Koma tikamakwiyira mpanda, tisataye ndi zomwe zinali mkati mwake zomwe.

Amene sanachigwirepo Chilatini amaganiza kuti n'kuloweza mawu akale. Ntchito yeniyeni ili pena. M'Chilatini dzina limasintha kumapeto malinga ndi ntchito yake m'chiganizo, ndipo mlembi atha kuika mawu paliponse pamene wafuna, mneni n'kudzabwera kumapeto kwenikweni patadutsa mizere itatu. Wowerenga sangalote. Ayenera kufufuza yekha kuti mwininkhani ndani, wachita chiyani, kwa yani, ndipo akaphonya lemba limodzi, wakuba amasanduka woberedwa. Mwana amene wachita zimenezi zaka zinayi, tsiku ndi tsiku, sawerenganso chikalata mothamanga. Mumupatse pangano la ngongole, lamulo la nyumba ya malamulo kapena lipoti la owerengetsa chuma, adzaima pamene ena onse alumpha. Ndipo mwana wa Chichewa alibe choopa apa, pakuti anakulira m'chilankhulo chimene mawu ake amasintha maonekedwe ndi kugwirizana kuyambira kumayambiriro mpaka kumathero a chiganizo. Amene amavutika kwambiri ndi mwana wa ku London.

Tengani ntchito ya uloya. Sindikunena za timawu tija maloya amakonda kuopsezera nato anthu kukhoti, ngakhale kuti amene amadziwa magwero a habeas corpus ndi nolle prosequi sachita kuloweza ngati nyimbo. Ndikunena za kamangidwe ka mlandu. M'chaka cha 70 Yesu asanabadwe, Cicero, loya wa ku Roma, anazenga mlandu Verres, bwanamkubwa amene anafunkha chilumba cha Sicily zaka zitatu, kulanda tirigu, ndalama ndi zosema za m'makachisi. Verres anali ndi Hortensius, loya wotchuka kuposa onse mu Roma, ndipo nzeru yawo inali yochedwetsa mlandu mpaka chaka chotsatira, pamene anzawo akanakhala pamipando. Cicero anapita yekha ku Sicily, nasonkhanitsa mboni ndi makalata m'masiku 50. Atafika kukhoti anasiya mwambo wolankhula masiku ambiri, naitana mboni nthawi yomweyo, imodzi pambuyo pa inzake. Verres anathawira ku Marseille mlandu usanathe. Dziko limene linaona Cashgate mu 2013, limene milandu ya katangale imaimitsidwa mpaka mboni kukalamba, likuti nkhani imeneyi ilibe ntchito kwa mnyamata kapena mtsikana wofuna kukagwira ntchito ku bungwe lolimbana ndi katangale la ACB? Ndipo woti akaime m'makhoti a ku South Africa kapena ku Zimbabwe adzapeza kuti malamulo a kumeneko anaphuka pa malamulo a Aroma, odzera kwa Adatchi.

Zachipatala sindichedwapo, n'zodziwika. Wophunzira udokotala ku Blantyre amakumana ndi maina mazanamazana a mafupa, mitsempha ndi tizilombo, kuyambira Plasmodium falciparum wa malungo mpaka Schistosoma haematobium wa likodzo. Pafupifupi onsewo ndi Chilatini ndi Chigiriki. Wina amawameza osatafuna, wina amawaphwanya n'kuona tanthauzo.

Kumpingo ndiye nkhani yakula. Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndipo ntchito yomasulira Baibulo, yomwe inatipatsa Buku Lopatulika ndi Buku Loyera, siitheka popanda anthu odziwa zilankhulo zoyambirira. Lero aneneri ali pa ngodya iliyonse, aliyense ndi vesi lake lopotoza kuti chopereka chichuluke. M'busa amene angatsegule lemba m'chilankhulo chimene Paulo analembera ndi chitetezo cha mpingo wake, ndiponso cha matumba a akhristu ake.

Palinso phindu limene timaliiwala ngakhale latizungulira mbali zitatu. Chipwitikizi cha ku Mozambique ndi mwana wa Chilatini, monganso Chifalansa. Katundu wathu amadzera ku Beira ndi ku Nacala, koma ndi angati mwa ana athu amene angakambirane mtengo pa doko popanda womasulira? Wodziwa Chilatini amaphunzira Chipwitikizi msanga, chifukwa mawu ambiri ndi kasinthidwe ka aneni amakhala atakumana nazo kale.

Ena amati zonsezi n'za azungu. Awa ndi amene amandiseketsa. Terence, mlembi wa masewero amene ana a ku Ulaya akhala akuwerenga zaka mazanamazana, anachokera ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia. Augustine Woyera anabadwira ku Algeria wa lero. Mfumu ya Aroma Septimius Severus inali ya ku Libya. Wole Soyinka anatenga sewero la Chigiriki la Euripides n'kuliumbanso mwa iye yekha mu 1973, ndipo Nelson Mandela ali m'ndende ku Robben Island anasewera ngati mfumu Creon m'sewero la Chigiriki la Antigone, nkhani ya mtsikana wokana kumvera lamulo loipa. Akaidi aja sanafunse kuti mlembi wake anali wa khungu lanji.

Kunena zoona, simudzaona m'nyuzipepala kampani ikufuna munthu wa Chigiriki. Koma pitani mukaone mizere ya ofuna ntchito ku Lilongwe: ambiri anyamula madigiri omwe aja makolo amati ndi "ogulika". Olemba ntchito amadandaula chinthu chimodzi, kuti omaliza maphunziro satha kulemba tsamba limodzi lomveka kapena kutsutsa mfundo popanda kutukwana. Apa ndi pamene maphunziro onyozekawa amapambana.

Sindikupempha kuti CDSS iliyonse, yosowa ngakhale mphunzitsi wa masamu, iyambe Chilatini mawa. Pempho langa n'laling'ono. Yunivesite ya Malawi ku Zomba inakhazikitsa maphunzirowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mothandizidwa ndi Caroline Alexander, yemwe pambuyo pake anamasulira Iliad ya Homer m'Chingerezi. Maphunziro amenewo asasiyidwe kuti afote pakona. Ophunzira malamulo ndi zaumulungu alimbikitsidwe kuwatenga ngakhale chaka chimodzi, ndipo omaliza kumeneko atumizidwe m'sukulu zingapo za sekondale za boma, kumene mwana wofuna asankhe yekha. Phunziroli silifuna labotale kapena mankhwala odula. Choko, bolodi ndi mabuku, omwe ambiri ali pa intaneti mwaulere, n'zokwanira. Kuyambira pamene ulamuliro wa Kamuzu unatha mu 1994, sukulu ya ku Mtunthama inasanduka yolipira, ndipo fizi yake mlimi wa fodya wa ku Kasungu komweko sangaifike. Unduna wa Maphunziro utiuze chifukwa chimene mwana wa mlimiyo sayenera kuwerenga Cicero.