Bokosi langa lilibe chizimba

Loweruka lapitali ndinathamangitsidwa pamalo ena osewerera magemu ngati ndaba nkhuku. Mlandu wake? Ndinapita ndi kabokosi kanga kamatabwa ka mabatani 12, ndinakalumikiza ku kompyuta yawo, n'kugonjetsa anyamata atatu motsatizana pa Street Fighter 6. Mwini malo anangoti, "Akulu, zanuzi n'zamankhwala. Kaseweretseni kwanu." Anthu anaseka, ine n'kunyamula katundu wanga.

Ndiye lero ndati nditsegule bokosilo pamaso panu, abale anzanga, muweruze nokha.

M'katimo muli kabolodi kotchedwa Raspberry Pi Pico, kosaposa chala changa cha mkombaphala. Kanatuluka mu Januwale 2021, ndipo mtengo wake panthawiyo unali madola 4. Pamwamba pake pali RP2040, kamene azamagetsi amati microcontroller, ndiye kuti kakompyuta kogwira ntchito imodzi yokha. Ntchito yake pano n'kumva batani lomwe ndadina n'kukauza gemu. Pulogalamu yake ndi GP2040-CE, yaulere pa intaneti, ndipo umaikopera m'kabolodimo monga umaikira nyimbo mu fulashi. Batani lililonse lili ndi mawaya awiri, wina wopita ku kamwendo kake pabolodi, wina ku ground. Mabowo anandiboolera kalipentala wa kwathu, uku akuseka kuti ndikukhoma bokosi la maliro a mphaka. Kuwotcherera mawaya ndinaphunzira kwa okonza mawailesi pamsika nditasiya yunivesite chaka chachiwiri, fizi itandikanika. Ufiti wonse ndi umenewo.

Chinawaopsa anzathuwo n'chakuti palibe kamtengo kopukusa kaja. Kumanzere, pansi ndi kumanja ndi mabatani atatu pansi pa zala zakumanzere, kudumpha ndi batani lalikulu la chala chachikulu. Si nzeru zanga ayi. A Hit Box ku America anayamba kupanga zotere cha m'ma 2010, ndipo akatswiri ambiri akhala akumenya nazo pa mpikisano wa Evo ku Las Vegas.

Komabe ndisakhale ngati wandale wokana chilichonse. Mantha a mwini malo uja ali ndi pogwira. Magemu omenyanawa amayenda zithunzi 60 pa sekondi imodzi, ndipo chala chodina batani chimafika msanga kuposa dzanja lokankha kamtengo kuchoka uku kupita uko. Phindu limenelo lilipodi. Chachiwiri n'choopsa kwambiri: kabolodi aka kamamvera aliyense wokalamula. Ukhoza kukauza kuti batani limodzi lizitulutsa nkhonya zisanu zondondozana, zimene amati macro. Kumeneko n'kuba, sindikubisa, ndipo malamulo a mipikisano amaletsa. Wochita zotere sasiyana ndi wamalonda wophwanyira mbale yoyezera ufa pansi.

Palinso nkhani ina yomwe yavutitsa ngakhale eni ake a gemuyi. Kamtengo sikangapite kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi, koma zala ziwiri zimatha kudina mabatani onsewo. Nanga gemu imve ziti? Kwa munthu wosewera Guile, amene amayenera kugwira kumbuyo kwa kanthawi asanaponye Sonic Boom, yankho la funso limeneli ndi chakudya. Mu 2019 kampani ya Capcom inaletsa chowongolera china cha mabatani okhaokha chimene Daigo Umehara wa ku Japan ankafuna kugwiritsa ntchito pa mipikisano yake. Mu 2023 inalamula kuti ukadina mmwamba ndi pansi pamodzi, munthu wako asachite chilichonse, monga zimakhalira ukadina kumanzere ndi kumanja. Mapanga awiri avumbwitsa, basi. Langali ndinalitchera momwemo, ndipo aliyense akhoza kuyesa ndi zala zake ziwiri n'kuona.

Taonani zimene anachita a Capcom. Sananene kuti aliyense wa bokosi lachilendo atuluke. Anaona pomwe pali chinyengo, anaika malire, masewero n'kupitirira. Ndipo awa ndi anthu oteteza ndalama zenizeni: mu February 2024 wopambana Capcom Cup, mnyamata wa ku Taiwan wodziwika kuti UMA, anatenga madola 1 miliyoni. Ife tikulimbirana botolo la Fanta, koma tikuuma mitima kuposa iwo.

Chimene chikundiwawa kwenikweni si kuthamangitsidwako. Pamalo paja panali kamnyamata ka sekondale kamene kanandifunsa kuti, "Achimwene, zimenezi munthu angapange yekha?" Ndisanayankhe, anzake anakazazira kuti kasamacheze ndi wakuba. Mwana ameneyu akanaphunzira kuwerenga miyendo ya bolodi, kuyeza waya woduka, kuika pulogalamu. Inu amalonda mukudziwa bwino kuti luso lomweli ndi limene likudyetsa okonza mafoni m'tauni. Chinthu chochokera kusitolo m'pulasitiki tikuchilandira osafunsa kuti m'kati muli chiyani, chopangidwa ndi mwana wa mnzathu tikuchiyesa chithumwa.

Komanso anyamata atatu aja sakudziwa kuti miyezi iwiri yoyamba bokosili linkandichititsa manyazi. Ndikafuna kukhala pansi ndinkadumpha, mphwanga wa zaka 11 ankandikwapula mpaka kutopa. Limenelo palibe analitcha mankhwala.

Kwa eni malo a magemu pempho langa n'lochepa. Lembani malamulo pakhoma: batani limodzi ntchito imodzi, mbali ziwiri zotsutsana zifafanizane, wobwera ndi chake alole kuti chiyesedwe masewero asanayambe. Sizitenga ndi mphindi ziwiri zomwe.

Loweruka likubwerali ndibwereranso komweko ndi sikuludiraiva m'thumba. Ndikatsegula bokosilo pa kauntala, mwini malo akasuzumire yekha. Akakhutira, anyamata aja akasewerere langali, ine ndikatenga chawo chija chokhala ndi batani lomata. Fanta ndikagula ndine ndikagonja.