Njinga ya malume siyikwera pa sikelo

Loweruka lapitali ndinakangana ndi alamu anga ku Chilomoni mpaka oyandikana nafe anasuzumira pampanda. Chinayambitsa ndi njinga yamoto ya malemu malume, Yamaha XT500, imene yakhala m'kachipinda ka kuseri zaka zoposa makumi awiri, itafunditsidwa matumba. Alamu anabwera ndi mnyamata wogula zitsulo zakutha, sikelo ili m'manja. Akuti tiyeze, tigawane, nkhani ithe.

Tiyeze? Ngati nandolo?

Abale a m'gulu lino, ndikudziwa ena mwa inu muli kumbali ya alamu. Mudzati chimamwa mafuta, masipeya ake kulibe, ndalama zokonzera bola kuwonjezera n'kugula Lifan mnyamata azichita kabaza ku Bangwe, madzulo ndiwo zizipezeka. Za mafutazo sinditsutsa. Injini ya 500 siingamwe ngati ya 125, ndipo ine kabaza sindimunyoza, amadyetsa mabanja ambiri. Chimene ndikukana n'choti chinthu chikasiya kulira tizingoti chafa.

Njinga imeneyi inayamba kupangidwa chapakati pa zaka za m'ma 1970. Mu 1979, pa mpikisano woyamba wochokera ku Paris kukafika ku Dakar kudutsa m'chipululu cha Sahara, Cyril Neveu anapambana atakwera mtundu womwewu. Kunja kuli anthu amene amazisaka ndi kuzikonza mwachikondi. Ife kuno tikuzipereka kuti zikasungunulidwe, pamtengo wa chitseko cha mbaula. Kenaka tizidandaula kuti ndalama zakunja zikusowa! Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, koma chitsulo chabwino chimene chinalowa kale m'dziko muno tikuchitaya tokha.

Ndiye pali gulu lina limene limandikwiyitsa kuposa a sikelo: akatswiri a changu. Akangoiona njinga yoti yagona zaka, athira petulo, akwerapo, ayamba kuponda kiki ndi mphamvu zonse. Aise, mukuipha! Oyilo anatsikira pansi kalekale, silinda ndi youma, maring'i akhoza kukhala atagwirana ndi dzimbiri. Mukakakamiza, mukala m'kati kapena kuthyola zimene zinali zabwinobwino. Choyamba n'kuchotsa pulagi, kuthira timadontho ta oyilo pabowopo, n'kudikira masiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Petulo wakale amauma n'kusanduka ngati ulimbo m'kabuleta, timabowo tonse kutsekeka. Thanki imachita dzimbiri m'kati chifukwa cha chinyezi, ndipo ukapanda kuitsuka, zinyalalazo zibwereranso m'kabuleta imene wangotsuka kumene. Mawaya a malume makoswe anadyako, mpando anausandutsa chisa. Matayala akuoneka ngati ali ndi mano, koma mphira wake wauma ngati chikumba. Amenewo sungatsike nawo ku Thabwa kulowera ku Chikwawa, pokhapokha ngati unatsanzika kale kwanu.

Zonsezi si matsenga. Ndi ntchito ya manja, ndipo manjawo tili nawo. Pitani mumsika wa Ndirande mukaone anthu akupanga chinthu kuchokera pa chimene wina anataya: owotcherera, osoka mipando, okhoma zitini, madala amene amamvetsera injini n'kukuuza chimene chikudwala asanamasule bawuti ndi imodzi yomwe. Madala amenewa akukalamba. Anyamata ambiri akuphunzira kumasula chakutha n'kumanga chatsopano basi, chifukwa ndi zokhazo zimene timawabweretsera. Njinga zakale tikazimaliza pa sikelo, adzaphunzirira pa chiyani kukonza?

Ku nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri timapita ndi ana kukaona mainjini akale ataima panja, n'kumajambulitsa. Tikabwerera kunyumba tikugulitsa zathu pa kilo. Eti mbiri ndi ya boma yokha? Malume ankachoka pa njinga imeneyi m'mamawa, kudzera msewu wa Midima kukaona agogo ku Mulanje, ine ndili kumbuyo nditawakumbatira m'chiuno, thumba la shuga ndi sopo lili pakati pathu. Alamu akuti zimenezo n'zachifundo chabe, sizidyedwa. Chabwino. Nanga ndalama za pa sikelozo zikanatha sabata?

Ndinawauza kuti gawo lawo ndiwalipira ndekha pang'onopang'ono, kuposa mtengo wa mnyamata uja. Anavomera monyinyirika, mlongo wanga ataikirapo mawu. Buluu buku tinaipeza m'sutikesi ya malume, pansi pa jekete la ukwati, ndiye za umwini tidzalongosola ku Road Traffic nthawi yake ikakwana.

Lero m'mawa, patatha masiku asanu oyilo ali m'silinda, ndinakankha kiki ndi dzanja, mofatsa. Yatsika. Pisitoni yayenda. Sinalire ayi, mwina mpaka mvula idzagwe. Loweruka ndili ku Ndirande ndi kabuleta m'jumbo. Amene mukudziwa mdala wodziwa njinga zimenezi, ndilozereni.