Zala Nazo Zikhoza Kulamula Kompyuta

Kompyuta ndi wanchito wosadziganizira. Icita cokhaco cimene yauzidwa, ndipo malamulo ace ayenera kutsatana bwino lomwe, loyamba patsogolo, laciwiri pambuyo pace. Ana ambiri amayamba kuphunzira luso limeneli ndi Scratch, imene inaturuka ku America m'caka ca 2007. Mwana akoka timabokosi tamitundumitundu pa galasi la kompyuta, natilumikiza. Koma mwana wosaona sangathe kutipeza timabokosito, cotero angokhala pambali pamene anzace alikuphunzira.

Alipo ena amene amati nchito imeneyi njofuna maso. Iwowa alakwa ndithu. Cofunika ndi nzeru ya kuika zinthu m'dongosolo, ndipo nzeruyo siikhala m'maso ai.

Akatswiri a Microsoft ku Cambridge, m'dziko la England, anapanga cipangizo cochedwa Code Jumper, ndipo mu 2019 anacipereka kwa a American Printing House for the Blind kuti acifalitse. Anacikonzera ana a zaka 7 kufikira 11. Ciri ndi tizigawo ta pulasitiki tokwana m'dzanja, ndipo kagawo kalikonse ndi lamulo limodzi. Mwana atilumikiza ndi zingwe zace, napotoza timagudumu ta pamwamba kuti asankhe liu limene afuna. Kagawo kena kalamula kuti mau abwerezedwe kangapo. Akatha, kompyuta iyimba nyimbo imene iye walamula. Nyimboyo ikasokonezeka, mwana alondola cingwe ndi zala, monga mlenje alondola mapazi a nyama, kufikira apeza pamene palakwika. Tizigawoto tiri ndi mitundu yowala, kotero kuti mwana woona ndi wosaona agwira nchito pa tebulo limodzi. Ici ndico cabwino coposa.

Cobvuta ndi mtengo wace, pakuti sukulu zambiri sizingaukwanitse. Komabe si bwino kuti ana adikire. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, ana osaona anayamba kuphunzitsidwa mu 1905, ndipo zala zozolowera timadontho 6 ta Louis Braille sizingalephere kuwerenga malamulo. Mphunzitsi waluso akhoza kutunga nthanga ndi zitsekerero za mabotolo pa cingwe: nthanga ya dzungu itanthauze "yenda phazi limodzi", citsekerero citanthauze "tembenukira kumanja". Mwana wosaona atunge malamulo, mnzace akhale kompyuta, nayende monga cingwe canena, ngakhale cimfikitse pa khoma.